Bapak Ananyika Pang'ono Chabe

Kutchan, Hokkaido
4 Disembala

Okondedwa makolo anga, Bapak ndi Ibu,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira muli bwino ku Temanggung, ndipo bondo la Ibu lasiyako kuvuta. Ine ndili moyo, kungoti zala zakumapazi sindikudziwa ngati zikadali zanga.

Bapak, ndalemba papepala monga munalamulira, ndi zilembo zikuluzikulu monga munanenera, ngakhale sindikumvetsa chifukwa chake munthu wokhala ndi foni m'thumba azidikira positi ngati tili m'nthawi ya Adatchi. Mnzanga wogona naye chipinda, Luzviminda wa ku Philippines, akandiona ndikumata sitampa amaseka mpaka kutsamwa. Akuti, "Iwe Ratri, chibwenzi chako chili kundende kapena?" Ndimamuyankha kuti ayi, wakundendeyo ndine.

Sindikunama. Ntchito yanga ili m'chipinda chapansi pa hotela, mopanda zenera. Alendo amatsika masitepe, ndimawayeza mapazi, ndimawapatsa nsapato ndi matabwa otsetserekera pa chipale chofewa, iwo n'kukwera phiri. Madzulo amandibwezera nsapato zonyowa, zonunkha ngati tempe wathu wa soya wogonera. Zaka zonse zija ndinaphunzira za maso ku Semarang, lero ndikuyeza mapazi. Ndinathawa kauntala ya sitolo yanu ya mandala, ndadzapeza ina pansi pa nthaka.

Koma khomo latseguka pang'ono. Mkulu wa sukulu yotsetsereka, Mayi Kuwabara, akufuna aphunzitsi a ana a alendo ochokera kwathu kumeneko. Mayeso ali mu Januwale. Amene akhoze apatsidwa ntchito ya zaka zingapo, pamwamba paphiri, pamphepo. Amene alephere, chipale chikasungunuka chiphaso chokhalira kuno chithanso, ndipo ine ndibwerera kudzakhala pansi pa satifiketi yanga imene munapachika pakhoma la sitolo musanandifunse n'komwe. Kutsetsereka ndikutha, ndinaphunzira chaka chatha masiku anga opuma, ndi matako poyamba. Chondigwetsa ndi maso angawa, amene mukudziwa kuti saona patali.

Paphiri munthu amavala magalasi aakulu a lamba, ophimba theka la nkhope. Ine ndimangowatchula kuti chigoba. Ndikavala chigoba pamwamba pa mandala anga, mikono ya mandala imandiboola m'mbali mwa mutu, ndipo ndikangopuma kawiri mandala achita nthunzi, basi ndili ngati m'thumba, osaona kanthu. Timagalasi tomata pa diso tija mukudziwa kuti timanditentha ngati tsabola. Njira ndi imodzi: kafelemu kakang'ono kamene kamakowekedwa mkati mwa chigoba. Ndakaika mu envelopu yomweyi. Mundidulire magalasi a nambala yanga, mukuidziwa pamtima. Kuno n'zodula moti ungakomoke, komanso ndikudziwa kuti mukanamva kuti maso a mwana wanu wawadulira munthu wina, simukanadya sabata yonse.

Tsopano mverani apa, Bapak. Magalasiwo akhale oyera ngati madzi. Musawanyike mu utoto ngakhale pang'ono. Mtundu uli kale pa chigobacho. Kuno galasi lakuda limavalidwa tsiku la dzuwa lokha, ndipo dzuwa kuno ndi mlendo wobwera mwa apo ndi apo. Masiku ambiri mitambo imatsika, kumwamba ndi pansi zimangoti mbee chimodzimodzi, popanda mthunzi, chitunda ndi dzenje osazisiyanitsa. Tsiku lotere pamafunika galasi lofiirira ngati mkati mwa gwafa, kapena lachikasu, pakuti limadzutsa timithunzi pansi. Changa n'cha gwafa. Ndabwereza: oyera.

Ndaikamonso chithunzi cha phirilo. Ibu, tsabola wosinja wa sambal munanditumizira uja watha, Luzviminda amadya akulira koma sasiya.

Mwana wanu,
Ratri

*

Temanggung
19 Disembala

Nduk Ratri,

Wa alaikum salamu. Kalata yako yafika ndipo amayi ako andiwerengera kawiri, popeza zilembo zako zikucheperachepera ngakhale ukuti ndi zazikulu. Tili bwino mwa chifundo cha Mulungu. Bondo la amayi ako limapweteka pokapokapo pakakhala ntchito.

Kafelemu ndakaona. Pulasitiki yake ndi yabwino, anthu akumeneko amadziwa ntchito. Ndaitanitsa magalasi opyapyala ku Semarang kuti asakulemere. Akafika ndidula ndekha. Sindinakudulirepo zolakwika kuyambira uli m'kalasi lachitatu pamene unkakhala kutsogolo n'kumalira kuti aphunzitsi akulemba ndi utsi.

Chithunzi chija ndinachiyang'ana kamodzi, misozi n'kutuluka. Dziko loyera chotero si la munthu, Nduk, mwana wanga wamkazi. Mapiri tili nawo kuno awiri, Sumbing ndi Sindoro, ndipo palibe amene anathyokapo mwendo powayang'ana ali pakhonde.

Za sitolo: makasitomala achepa. Onse akuthamangira sitolo yatsopano ija ya magetsi ambiri, kumene kamtsikana kamakuika chibwano pamakina, pepala n'kutuluka, osakufunsa ngakhale dzina la bambo ako. Koma ndikutsegula m'mawa uliwonse. Dzuwa la chaka chino lalusa kwambiri, mwakuti ndaika nsalu pakhomo. Satifiketi yako ndimaipukuta Lachisanu lililonse. Sindinaipachike kuti ikumange, ndinaipachika chifukwa khomalo linali lopanda kanthu.

Usasiye kupemphera ngakhale madzi azizire. Usadye nkhumba mosadziwa, uzifunsa.

Bambo ako,
Harjito

*

Kutchan
6 Januwale

Bapak ndi Ibu,

Moni. Ndili bwino. Phukusi lili kuti?

Mayeso ayandikira ndipo ine tsiku lililonse ndikufunsa ku ofesi mpaka mlonda wa makalata akandiona amayamba kupukusa mutu ndisanatsegule pakamwa. Ndikaimba foni, Ibu mumangondiuza za mtengo wa tsabola ndi ukwati wa mwana wa aneba, ndikafunsa za magalasi mukuti "bambo ako ali mkati mokonza." Kudula magalasi awiri kunayamba liti kutenga mwezi? Kale munkadula munthu ali chikhalire pabenchi akumwa tiyi.

Dzulo tinali ndi zoyeserera, ana anali ongoyerekezera. Mayi Kuwabara anatsika patsogolo, ife pambuyo. Pakati pa njira mandala anachita nthunzi, ndinaima, ndinavula chigoba, ndinavula magolovesi, ndinapukuta, ndinavalanso. Nditafika pansi onse anali atandidikira ngati maliro. Mayiwa ndi aafupi, nkhope yopsa ndi mphepo, ndipo sakalipa, chimene n'choopsa kuposa kukalipa. Anangoti, "Ratri, iwe ukamapukuta, ana asanu ndi mmodzi amene wawatenga ali kuti?"

Ndinati, "Ali pambuyo panga."

Iwo anati, "Mwana sakhala pambuyo pa munthu woima. Ali m'mitengo."

Kenako anagogoda chigoba changa ndi chala n'kunena kuti, "Mtundu wasankha bwino. Miyendo ili bwino. Konza za mkatimo, apo ayi usadzabwere kudzandithera nthawi."

Mwamva, Bapak? Chatsala ndi inu nokha. Nkhani ya mapiri awiri a pakhonde ndaimva, ndipo ndamva chimene mukutanthauza. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Sindikufuna kukalamba ndikupukuta fumbi la fodya pa mafelemu amene palibe akuwagula. Tumizani, chonde, pa positi yachangu.

Ratri

*

Temanggung
9 Januwale

Nduk,

Nawa magalasi ako. Ndachedwa chifukwa awiri oyamba anathetheka m'mphepete podula, pulasitiki ya masiku ano ndi yachabechabe. Awa ndakhala nawo mofatsa. Nambala ndi yako yeniyeni.

Unanena kuti ndisanyike. Ndinamva. Koma iwe ndiwe mwana, maso ako akadali ndi mphamvu ndiye sukumva kuwawa kumene kuwala kukuchita mkatimo. Udzakumva ukadzafika msinkhu wanga. Choncho ndanyika pang'ono chabe, kamthunzi kokha, ngati tiyi wothira madzi kachiwiri. Sudzazindikira n'komwe kuti mulimo utoto. Udzandithokoza.

Amayi ako aikamo sambal ndi tempe wouma. Mulungu akutsogolere pa mayeso.

Bambo ako

*

Kutchan
23 Januwale

Bapak,

Moni wokha ndapereka chifukwa munandilera. Ndalephera.

Phukusi linafika masana, mayeso ali mawa lake. Ndinatsegula Luzviminda ali pomwepo. Anatola kafelemu, anakayang'ana, n'kunena kuti, "Bambo ako akuganiza kuti ukupita kukawotcherera zitsulo?" Ine sindinaseke. Tiyi wothira madzi kachiwiri, Bapak? Ameneyu ndi khofi wa pansi pa ketulo. Ndinaloza nako babu la m'chipinda, babulo linaoneka ngati ndudu yoyaka patali.

Ndikanatani? Kutauni kumene amadula magalasi ndi ulendo wa basi, ndipo sadula tsiku lomwelo. Ndinali ndi ziwiri: mandala a nthunzi kapena mdima wanu. Ndinapemphera kuti kuche ndi dzuwa. Kunacha ndi mitambo yogwira pansi, chipale chikugwa ngati wina akupeta ufa kumwamba. Ndinasankha mdima, poti mdimawo sufuna kuima n'kupukuta.

Anatipatsa ana enieni, a antchito a pahotela, atavala tizipewa tofiira. Anga anali kumbuyo kwanga pamzere ngati anapiye. Poyamba zinayenda. Titalowa m'mitambo, gwafa wanga uja ndi khofi wanu zitaphatikizana, pansi panazimiririka. Ndinkangoona dothi la bulauni losalala, lopanda chitunda, lopanda malire. Mitengo ya mbendera yosonyeza njira sindinaione. Ndinakhotera kumanzere pamene njira imapita kumanja, ana n'kunditsatira onse, poti anauzidwa kutsatira mphunzitsi. Ndinadzidzimuka chingwe cha malire chitandigunda pachifuwa. Kuseri kwa chingwecho kuli chigwa cha mtsinje. Kamtsikana kena kanandigunda kumsana, kena kanagwera pa iko, onse akuseka, akuyesa masewera.

Mayi Kuwabara anafika mwakachetechete, anawerenga ana ndi chala, anawabweza. Kenako anati, "Vula." Anatulutsa kafelemu, anakayang'ana nthawi yaitali. "Anakupangira ndani?"

"Bambo anga."

"Amagwira ntchito yanji?"

Ndinayankha kuti ali ndi sitolo ya mandala kwa zaka makumi atatu. Anangondibwezera ndi manja awiri, mwaulemu, ndipo ulemu umenewo unandipweteka kuposa mbama.

Ndinalemba kawiri kuti oyera. Inu si munthu wosadziwa kusiyanitsa tiyi ndi khofi. Munandiphunzitsa ndinu kunyika, kuti galasi ulitulutse msanga chifukwa kuwonjezera n'kosavuta. Ndiye ndiuzeni ndiganize chiyani. Munachedwetsa mwezi wathunthu, kenako munatumiza chinthu chimene munadziwa kuti sindingaonere. Simunafune kundiletsa ndi pakamwa, poti mukanaoneka oipa. Mwandiletsa ndi mphika wa utoto. Mukufuna ndibwere ndidzakhale pampando uja, ndikwatiwe ndi mwana wa wogula fodya, ndizipukuta satifiketi yanga ndekha Lachisanu. Akanakhala ine ndekha ndikanamva. Koma kumbuyo kwanga kunali ana a eni.

Ndabwerera pansi pa nthaka kukayeza mapazi. Musaimbe foni, sindiyankha.

Ratri

*

Temanggung
8 Febuluwale

Ratri, mwana wanga wamakani,

Ndine mayi ako. Moni sindikupatsa wautali chifukwa dzanja langa silinazolowere cholembera, linazolowera mpeni. Foni sukuyankha, ndipo ngakhale ukanayankha sindikanalankhula, poti bambo ako foni ikangolira amadzakhala pambali panga ngati mphaka wamva nsomba. Ndikulemba ndili kwa azakhali ako, ndawauza kuti ndapita kukathandiza kukazinga tempe.

Kalata yako ndinawawerengera. Ndinadumpha mizere ina. Koma bambo ako si chitsiru, anamva kuti pepala ndi lalitali kuposa mawu anga. Anati, "Sumirah, werenga zonse, mwanayo analipira sitampa ya mawu onse." Ndinawerenga. Nditafika pa ana a eni anadzuka n'kulowa m'sitolo, anakhala mmenemo osayatsa nyale mpaka nthawi ya pemphero. Tsiku limenelo mpunga anabweza.

Tsopano tsegula makutu, iwe wa satifiketi. Unawerenga kuti dzuwa la chaka chino lalusa. Mwezi wa Disembala, Nduk? Kuno mvula ikugwa ngati kumwamba kwabooka, zovala zikuchita nkhungu pachingwe, Sumbing sitinamuone chiyambire chaka. Iwe unabadwira kuno, sunadabwe? Unali kalikiliki kuwerenga za mapiri a pakhonde kuti upeze pokwiyira.

Ndinalipo tsiku limene ananyika magalasi ako. Ukudziwa mmene amachitira: kuviika mu mphika, kutulutsa, kupita pakhomo, kukweza galasi ku kuwala n'kusuzumira. Anatero. Anatsinzina, anati, "Likubayabe." Anabwerera, ananyikanso. Anapitanso pakhomo. "Likubayabe." Kachitatu ndinati, "Pak, zadatu izo." Anandiyankha kuti, "Iwe za magalasi unaphunzira kuti? Pita ukaone tempe wako akupserera." Ananyika mpaka khomo linasiya kuwabaya m'maso. Kwa iwo pamenepo ndiye panali pa tiyi. Sanakunamize. Chimene analemba n'chimene anaona.

Si iwe wekha. Mayi Warsini a telala anabwera kuti awaikire kamthunzi pang'ono pa mandala osokera. Anatuluka ngati woimba wa pa ukwati. Anabweranso mawa lake akuti, "Pak Harjito, ndikufuna kuona ulusi, osati kubisala kwa apolisi." Bambo ako anakangana nawo mpaka anthu kuima pamsewu. Makasitomala sanathawire magetsi a sitolo yatsopano, athawa mdima wa kwathu. Magalasi ako oyamba sanathetheke chifukwa cha pulasitiki. Tiyi akuthira pambali pa kapu. Foni amaikana chifukwa kuwala kwake kumawalasa. Makalata aja amalemba mphuno ili papepala, tsiku lathunthu. Ndinaona zonsezi, koma ndinkati ndi ukalamba wamba, ndipo ukudziwa kuti kuuza bambo ako za maso kuli ngati kuuza shehe za pemphero.

Sabata yatha ndinawanamiza kuti andiperekeze kuchipatala za bondo. Titafika ndinawakankhira kwa dokotala wa maso. Ng'ala, maso onse awiri, zokhwima. Ukawayang'ana pafupi, pakati pa diso payera ngati madzi otsukira mpunga. Dokotala akuti ng'ala imachotseka, koma shuga wawo wagwira kale kumbuyo kwa diso, ndiye sakulonjeza kuti adzathanso ntchito ya tinthu ting'onoting'ono. Tinabwerera pa njinga yamoto ya hayala. Titatsika anati, "Wogulitsa mandala akang'ambidwa maso, msika wonse umva tisanafike kunyumba. Sindipita."

Sindikukuuza kuti ubwere. Sindikukuuza kuti usabwere. Ndangotopa kukhala ndekha woona m'nyumba muno. Ndipo mwana wa wogula fodya uja anakwatira kale, usadzitame.

Mayi ako

*

Kutchan
20 Febuluwale

Ibu,

Kalata iyi ndi yanu nokha, ndatumiza kwa azakhali.

Nditawerenga yanu ndinatulutsa kafelemu kaja pansi pa sutikesi kumene ndinakaponya. Ndinakwera masitepe, ndinaima pakhomo la hotela, ndinakakweza ku kuwala monga amachitira iwo. Ndinaima pamenepo mpaka mlendo wina anandifunsa ngati kuli kadamsana. Ndiye kuti khomo la sitolo yathu, nthawi ya mvula, liyenera kuda chonchi kuti Bapak aliyang'ane. Ine ndinaphunzira zimenezi, Ibu. Munthu wodandaula kuwala, wofuna zilembo zazikulu, wokana foni. Akanakhala munthu wachilendo pampando woyezera ndikanadziwa asanamalize kulankhula.

Koma inunso bwanji osandiuza mu Disembala? Munkandiuza za tsabola!

Tsopano mverani, zinthu zitheka tikachita changu. Sitolo itsekedwe mwezi umodzi, siithawa. Kapena mupeze wachinyamata wa satifiketi aziyang'anira, ku Semarang amatuluka ambiri chaka chilichonse. Azakhali akhoza kuwaperekeza kuchipatala. Ine ndizitumiza zofunika. Sizifuna ine kukhalapo, si choncho? Ndiuzeni kuti si choncho.

Ndikunena izi chifukwa Mayi Kuwabara anatsika okha kuchipinda chathu chapansi, chinthu chimene sanachitepo. Anaima pakati pa nsapato zonyowa n'kunena kuti, "Malo amodzi atsala. Ndiyesanso anthu mu Malichi. Ubwere ndi maso ako, osati a munthu wina." Lolemba ndinapita kutauni, andidulira magalasi oyera. Ndinasunga a Bapak m'kansalu. Dzulo ndinakwera phiri mitambo ili pansi, ndipo ndinaona chilichonse, ngakhale mapazi a nkhandwe m'mbali mwa njira. Ndinalira m'chigoba mpaka chinachita nthunzi.

Muwauze kuti mawu ena ndinalemba aja ndawabweza. Sindikudziwa kuwauza ndekha.

Ratri

*

Temanggung
4 Malichi

Nduk Ratri,

Asalamu alaikum. Ndikulankhula ndine, akulemba ndi amayi ako, ndipo ndawauza kuti asawonjezere mchere.

Ndamva kuti pali mayeso ena. Upite ukakhoze. Usabwere kuno chifukwa cha ine. Ine ndinakhala pa sitolo iyi chifukwa bambo anga anadwala chaka chimene ndinkafuna kupita ku Surabaya kukagwira ntchito pa sitima za pamadzi, ndipo sindinakuuzepo chifukwa sinali nkhani. Sindikufuna iwenso udzakhale ndi nkhani yosakhala nkhani.

Za wachinyamata wa satifiketi, tinafunsa. Anabwera mmodzi, anayang'ana makina anga odulira, anafunsa ngati ali a nyumba yosungira zakale. Sanabwerenso. Palibe kanthu. Sitolo ndi matabwa ndi magalasi. Ikatsekedwa yatsekedwa.

Magalasi aja unditumizire. Utoto umachoka ukawaphika mu mankhwala ake. Ndiwayeretsa, ukhale ndi apadera. Ana a eni aja, ngati makolo awo alipo, uwauze kuti wolakwa ndi nkhalamba ina ya ku Java, osati mphunzitsi.

Bambo ako,
Harjito

Ratri, apa ndi ine, mchere ndiwonjezera ndithu, iwo apita kukasamba. Zonsezo alankhula atavala malaya a ntchito. M'mawa uliwonse akutsegula. Dzulo adzicheka chala pa makina, magazi pa kauntala, akuti ndi utoto wofiira watayika. Mphika akuuyatsabe. Ndikabisa machesi amakabwereka kwa wogulitsa nyama yowotcha ya sate. Kuchipatala atipatsa tsiku mu Epulo ngati shuga atsika. Ndawanyengerera, azakhali ako awanyengerera, ngakhale a imamu. Yankho ndi limodzi: dokotala uja ndi mwana, akufuna kuphunzirira mpeni pa iwo. Akuti munthu mmodzi yekha ndi amene angawakhazike pampando n'kuwayang'ana m'maso, iwo n'kukhulupirira. Dzina sakutchula. Amangoloza khoma.

*

Kutchan
16 Malichi

Okondedwa Bapak,

Wa alaikum salamu. Ibu, werengani zonse, musadumphe.

Ndakhoza.

Kunali mitambo ngati tsiku lija, mwinanso kuposa. Ana anali omwewo a tizipewa tofiira. Kamtsikana kaja kanandizindikira, kanafunsa ngati tipitanso ku chingwe. Ndinati lero ayi. Ndinatsika nawo phiri lonse osaima, ndikuona chitunda chilichonse chisanafike, ndikuwaitana mayina, ndikutembenuka kuwawerenga. Pansi Mayi Kuwabara anangogwedeza mutu kamodzi. Luzviminda akuti chiyambire sanaonepo mutu umenewo ukugwedezeka, ankayesa ndi wowotcherera.

Masana anandiitana ku ofesi yawo. Ili pamwamba, ili ndi zenera lalikulu loyang'ana phiri. Anaika pepala la ntchito patebulo ndi cholembera. Maphunziro a aphunzitsi atsopano ayamba mu Epulo, ndipo chilimwe chonse ndi ntchito ya ana oyenda m'nkhalango. Ndinafunsa ngati malowo angandidikire mpaka chisanu chamawa. Anati, "Pambuyo pako pali mnyamata wa ku Nepal amene walephera ndi pang'ono. Ndimuuze kuti adikire chiyani?" Ndinafunsa ngati ndingapite mwezi umodzi n'kubwerera. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndi mwezi umodzi?"

Ndinafuna kunama, Bapak. Pakamwa panatseguka. Koma ine ndinaphunzira za maso, ndikudziwa chimene shuga amachita kumbuyo kwa diso, ndipo ndikudziwa inu. Diso loyamba, kenako lachiwiri, kenako miyezi yoti wina azikubisirani machesi. Ndinabweza cholembera ndi manja awiri, monga amachitira kuno.

Musandilembere za Surabaya. Ndamva, ndipo zangondikwiyitsa kwambiri, chifukwa munthu amene akuti usabwere atavala malaya a ntchito ndi chala chomanga nsalu wakuitana kale. Sindikubwera mokondwa, ndisakunamizeni. Ndidzakhala wovuta. Nsalu ya pakhomo ndidzachotsa. Makina aja ndidzagulitsa kwa a zitsulo zakutha ndipo mudzakalipa. Mafelemu a m'nthawi ya agogo ndidzagawa ku mzikiti. Mayi Warsini ndidzawadulira ena ulere. Satifiketi ndidzaitsitsa, khomalo ndipachikepo chigoba changa cha gwafa, anthu azifunsa kuti n'chiyani, ine ndiziwauza.

Magalasi anu sinditumiza ndipo simuwayeretsa. Ndibwera nawo ndekha. Tsiku limene adzakumasuleni bandeji ndidzakuimikani pakhomo, ndidzakupatsani, muwakweze ku kuwala mundiuze ngati ali tiyi.

Ndifika chipale chikayamba kusungunuka, lisanakwane tsiku la kuchipatala. Mudzakhala pampando woyezera, chibwano mmwamba, osayankha mpaka nditafunsa. Mpaka tsiku limenelo mphika usayake, galasi la munthu aliyense lisanyikidwe.

Ndinafuna mudziwe kuti ndinakhoza, Bapak, musanandione nditakhala kuseri kwa kauntala.

Mwana wanu,
Ratri